Amayi Aitanidwa ku Nkhomaliro ya Anduna

Akazembe atalumbira kukhala nduna yoona za mayiko akunja, boma linawapatsa nyumba yansanjika, galimoto ziwiri, apolisi, wophika, ndi munthu wina amene ntchito yake inali kungowatsegulira chitseko. Mkazi yekha ndiye sanawapatse, poti ankati ali naye kale. Analidi naye. Kungoti anali atakana kusamuka.

Tsiku limene lole ya unduna inaima pageti la nyumba yawo, Amayi anali ataima pampando pabalaza, akukhoma chithunzi kukhoma. Anachotsa msomali umene anauluma pakamwa n'kuyang'ana mwamuna wawo ali pamwambapo.

"Inu pitani," anatero. "Ine sindimanganso katoni."

"Ndamva maganizo anu," Akazembe anayankha.

Mawu amenewa anali atawanenapo kwa anthu ambiri, m'zinenero zingapo, ndipo sanawagwiritsepo mwala. Pantchito ya ukazembe, munthu akati ayi ndiye kuti zokambirana zayamba kumene. Umamwetulira, n'kumusiya agone nayo ayi wakeyo, pakapita nthawi amadzaibweza yekha itafewa. Choncho Akazembe anauza anyamata a lole kuti anyamule masutikesi awo okha ndi mabuku. Anatsanzika mwaulemu ngati munthu wopita kumsonkhano, n'kukwera galimoto ya mbendera.

Ntchitoyi anaiyamba ali mnyamata woonda, wonyamula chikwama cha kazembe wina n'kumaima kumbuyo kwake. Kumbuyoko ndi kumene anaphunzira zonse. Anaphunzira kugwira tambula imodzi madzulo onse osaimaliza, kuseka nthabwala imene waimva kale kumayiko awiri, ndi kukana chinthu mwakuti wokanidwayo azipita akuthokoza. Koma lamulo lalikulu linali ili: munthu wamkulu safunsa funso asanadziwe yankho lake. Amayamba watumiza ana a ntchito akafufuze, akafewetse, akamve kumene mphepo ikulowera. Wamkulu amafika zonse zitapsa, kudzangogwirana chanza ndi kujambulitsa. Ngakhale Amayi amenewa anawafunsira atatumiza kaye mnzawo wa kukoleji kukamva ngati angalole.

Pambuyo pake zinangokhala zosamukasamuka kwa zaka zoposa makumi atatu. Foni inkalira, Akazembe n'kuti ndine wokonzeka, Amayi n'kuyamba kufunafuna makatoni. Anakhala kumayiko ozizira kumene dzuwa limangosuzumira, ndi kumayiko otentha kumene nsapato zimachita nkhungu m'kabati. Nyumba zonse zinali za boma, ndipo m'nyumba ya boma sukhoma msomali popanda chilolezo. Mwana wawo mmodzi yekhayo anabadwa katundu adakali panyanja, moti sabata zoyamba ankagona m'sutikesi yoyalamo matawulo. Mpaka lero bambo ake amamuitana kuti Sutikesi, ngakhale ndi dokotala wa mano wokhala ndi chipatala chakechake.

Akazembe atapuma pantchito analowa m'nyumba yawoyawo, yaing'ono, imene anaimanga pang'onopang'ono ali kunja. Amayi anamasula makatoni amene anayenda mayiko anayi osatsegulidwa. Anagula nyundo. Ankakhoma chilichonse, ndi zinthu zoti zikanatha kungokhala patebulo zomwe. Chaka chisanathe foni inaliranso.

Nyumba ya nduna inali yaikulu mopanda nzeru. Akazembe sankadziwa pokhala. Akakhala pampando uwu, ankaona kuti uwo ndiwo wabwino, akasamukira uko n'kupeza kuti ukuyang'ana khoma. Ankatsegula wailesi, kutseka, kutsegula zenera, kuitana wophika, wophikayo akafika n'kuiwala chimene amuitanira. Tebulo lodyera linali lalitali ngati la msonkhano wa mayiko, ndipo munthu akakhala yekha kumapeto kwake amamva supuni yake ikuyankhula. Anayamba kudya choimirira pafupi ndi zenera, maso ali kugeti. Kuofesi zinthu zinkayenda, poti kumeneko kunali anthu oti awamwetulire. Loweruka ndi Lamlungu ndiwo anali masiku ovuta. Ankakwera masitepe n'kutsika, kukweranso, mpaka wapolisi wapakhomo anafunsa mnzake ngati adokotala ndiwo anawalamula.

Kupita okha kwa Amayi sakanatha. Zinthu zinali zisanapse. M'malo mwake ankatuma dalaivala kukatenga malaya, limodzilimodzi, kuti njira isatsekeke.

"Wawapeza bwanji?"

"Ali bwino, bwana. Akupenta chitseko cha kukhitchini."

"Anena chilichonse?"

"Ati kolala yake yatha iyi, musavale pagulu."

Akazembe ankawatembenuza mawu amenewa tsiku lonse. Munthu amene akudera nkhawa kolala yako ndiye kuti sanatseke khomo. Ankaona kuti pali kusintha, ngakhale kochepa.

Malaya atatsala pang'ono kutha, anaganiza zokweza nkhaniyi. Anauza mlembi wawo kuti dzino likuwavuta, n'kupita kwa Sutikesi. Mwanayo anawagoneka pampando wake wopendekeka, n'kuwaunika ndi getsi kumaso.

"Liti likupweteka, Adadi?"

"Cham'katimu. Silikupweteka kwenikweni, likungondikumbutsa kuti lilipo. Amayi ako unawaona?"

"Yasamulani."

Anayasamula. Sutikesi anawaika thonje tsaya ili, thonje tsaya ilo, n'kulowetsa kagalasi.

"Mano anu alibe vuto. Mwabwera kudzandituma. Ayi, musatseke, ndikugwira ntchito. Mukufuna ndipite kwa Amayi ndikamve ngati afewa, kenako ndibwere ndidzakuuzeni, inu mundipatse mawu ena ndibwerere nawo. Ndinayamba ntchito imeneyi ndili kupulayimale, Adadi. Kawauze amayi ako kuti mwina tisamuka. Kawafunse amayi ako ngati akwiya. Sindinalandirepo ngakhale malipiro a mwezi umodzi."

Akazembe anayesa kuyankha, koma kunangotuluka mawu ngati a mwana wa ng'ombe.

"Galimoto muli nazo ziwiri. Msewu mukuudziwa, nyumbayo munamanga nokha. Pitani mukagogode, mukanene kuti mwawasowa. Lavulani apa."

Analavula, n'kupukuta pakamwa mosamala.

"Nkhani zotere sizifuna phuma, Sutikesi. Ukafika nthawi isanakwane, umaononga zimene zikanakonzeka."

"Ndiye dikirani mpaka musankhidwe upapa. Kutsukako ndakutsukani ulere."

Mwayi unabwera wokha sabata yotsatira. Nduna ya dziko loyandikana nalo inkabwera kudzakambirana za mlatho wa pamalire, umene mayiko awiriwa anakhala akukanganirana kuti aukonze ndani mpaka mlathowo unayamba kugwa wokha. Mkulu woona za kalandiridwe ka alendo, amene unduna wonse unkangomutcha a Ndondomeko, analowa muofesi atanyamula pepala la mmene anthu adzakhalire pankhomaliro. Anali munthu wa imvi zake, koma anakulira m'manja mwa Akazembe, ndipo ankaimabe ngati wangolembedwa kumene ntchito.

"Bwana, mlendo wathu akubwera ndi mayi akunyumba. Ndiye pali mpando uwu, woyang'anana ndi wanu." Anakhosomola pang'ono. "Sindikudziwa kuti tilembepo ndani."

Akazembe anadzuka, kupita pazenera, kubwerera. Apa ndiye panali khomo. Sakhala iwo opempha, likhala dziko. Amayi akhoza kubwera popanda kuoneka kuti agonja, iwonso sakhala kuti achonderera. Aliyense atuluka nkhope yake ili yosalala.

"Alembereni khadi."

"Khadi, bwana?"

"Loitanira."

"La alendo lija? La golide m'mbali?"

"Kodi tili ndi lina?"

A Ndondomeko anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Nawonso anaphunzitsidwa bwino. Madzulo a tsiku lomwelo mthenga wa unduna anakwera njinga yamoto kukapereka envulopu yokhala ndi chidindo cha boma, youza Amayi kuti Nduna Yoona za Mayiko Akunja ikuwapempha kuti adzapezeke pa nkhomaliro kunyumba kwake, ndipo ayankhe kudzera ku ofesi.

Yankho linafika m'mawa mwake, kudzera ku ofesi. Amayi athokoza, ndipo adzapezekapo.

Tsiku limenelo Akazembe anapatsa moni aliyense m'khonde la unduna, ndi wokolopa yemwe. Anaimbira kunyumba kulamula kuti theka la kabati ya zovala likhale lopanda kanthu, agule pilo wofewa, ndipo wophika adziwe kuti Amayi samwa tiyi wa shuga. Kenako anaimbira Sutikesi.

"Ndimati ndikudziwitse kuti zokambirana zikuyenda bwino. Amayi ako avomera kubwera."

"Munapita?"

"Sikunafunike. Tinawatumizira khadi."

Kamakina koboolera mano kankamveka chapatali.

"Mwawatumizira chiyani?"

"Khadi loitanira."

"Mkazi wanu. Kunyumba kwanu. Mayo ine, Adadi." Anaseka, koma kuseka kwake sikunali kwabwino. "Ndili ndi munthu pampando. Zabwino zonse."

Tsiku la nkhomaliro Akazembe anasintha tayi kawiri. Ankayembekeza kuti Amayi afika m'mawa, alowe kukhitchini, akalipire wophika, asunthe maluwa, monga ankachitira m'nyumba zonse zija. M'mawa unadutsa. Alendo anayamba kufika, akazembe a mayiko ena, akuluakulu a unduna, aliyense pa nthawi yake. Akazembe anaima pakhomo kulandira anthu, khosi likungotembenukira kugeti.

Kagalimoto ka Amayi kanalowa pakati pa magalimoto akuluakulu akuda. Wapolisi wa pageti sankawadziwa, ndiye anawaimitsa. Akazembe anaona dzanja likutuluka pawindo litagwira khadi, wapolisi n'kuliwerenga, n'kuwalozera koimika alendo. Amayi anatsika atavala diresi yobiriwira imene ankaisungira masiku akuluakulu, ndi nsapato zazitali zimene analumbira kuti sadzavalanso. Sanadutse anthu. Anaima pamzere kumbuyo kwa kazembe wina wamfupi wadazi, n'kumasendera pang'onopang'ono mpaka nthawi yawo inakwana.

"Anduna," anatero akupereka dzanja. "Zikomo potiitana. Nyumba yabwino."

"Mwalandiridwa," pakamwa pa Akazembe panayankha pokha.

Kuchokera apo Amayi anagwira ntchito, ndipo ntchitoyo ankaidziwa kuposa aliyense m'chipindamo. Mkazi wa mlendo anali wamanyazi, wongoyang'ana m'mbale. Amayi anamuyankhula m'chinenero cha kwawo, chimene anachitola pamsika zaka zija ankakhala kumeneko, ndipo posakhalitsa mayiyo anali akuonetsa zithunzi za adzukulu pafoni. Nduna yachilendo itayamba kuuma nkhope pa nkhani ya mlatho, Amayi anafotokoza mmene tsiku lina anawolokera mlathowo ndi lole ya katundu, dalaivala akupemphera mokweza, iwo atakumbatira bokosi la makapu. Anthu anaseka mpaka mlendoyo anapukuta misozi ndi kansalu ka patebulo, n'kunena kuti zoonadi, chinthu chimenechi tikonze tisanaphe akazi athu. A Ndondomeko anayang'ana bwana wawo n'kugwedeza mutu pang'ono.

Akazembe sanalawe chakudya bwinobwino. Ankangoyang'ana kutsidya kwa tebulo. Mpando uja unali utapeza mwini wake, ndipo kwa nthawi yoyamba nyumbayo inaoneka ngati ili ndi kukula koyenera. Mumtima anali atayamba kale kukonza mawu oti adzanene alendo akapita. Sadzatchula zakale. Adzangoti, tiyeni ndikuonetseni kumwamba.

Alendo ananyamuka monga mwa dongosolo, mlendo wamkulu poyamba, ena onse pambuyo malinga ndi maudindo awo. Amayi anaima pambali pa mwamuna wawo akutsanzikana ndi aliyense. Galimoto yomaliza itatuluka, anatembenuka n'kutenga kachikwama kawo pampando.

"Mukupita kuti?"

"Khadi linati nkhomaliro. Nkhomaliro yatha." Anaperekanso dzanja. "Chakudya chinali bwino. Wophika wanu achepetseko mchere, akupwetekani."

A Ndondomeko anali chapafupi, operekera zakudya akuchotsa mbale, wapolisi ataima pakhomo. Pamaso pa anthu onsewa Akazembe anachita chimene thupi lawo linazolowera. Anaperekeza mlendo mpaka pagalimoto, anamutsegulira chitseko, anamufunira ulendo wabwino. Kagalimoto kaja katayamba kuyenda anapeza dzanja lawo lili m'mwamba, likubayibitsa mwaulemu, ndipo silinatsike mpaka geti litatsekedwa.

"Zayenda bwino kwambiri, bwana," a Ndondomeko anatero. "Mlatho uja ndiye tawoloka."

Akazembe analowa m'nyumba, kukwera masitepe, kukaima pakhomo la chipinda chogona. Kabati inali yotsegula, theka lake lili mbee. Anatsika. Analowa m'chipinda chowerengera, anakhala, anadzuka. M'mutu mwawo munayamba kubwera njira zina, poti mutuwo sunkadziwa ntchito ina. Akhoza kudikira mlendo wina wobwera ndi mkazi. Akhoza kutumiza maluwa othokoza. Akhoza kupempha abusa, kapena mlamu wawo. Njira iliyonse ankaiona mpaka kumapeto kwake, ndipo kumapetoko kunali Amayi atavala diresi yobiriwira, akupereka dzanja. Masewerawa anawaonera kwa zaka makumi atatu ali pampando wakutsogolo. Akanatha kuwasewera mpaka mmodzi wa iwo atamwalira.

Anatuluka panja dzuwa likupendeka.

"Dalaivala ali kuti?"

A Ndondomeko anathamangira. "Tikupita kuti, bwana? Pa ndondomeko palibe ulendo."

"Kunyumba kwanga."

"Ndiimbe kaye ndiwadziwitse? Kapena titumize munthu aone ngati..."

"Ayi."

Anauza dalaivala kuti achotse mbendera. Popanda mbenderayo msewu sunawadziwe. Anaima pamzere wa magalimoto ngati wina aliyense, kumbuyo kwa basi yofuka utsi, wogulitsa machaja akugogoda pawindo. Akazembe ankangosuntha pampando, kumasula lamba, kumanganso. Chibadwire anali asanapiteko kulikonse osadziwa kuti akalandiridwa ndi ndani, akakhala pati, akauzidwa chiyani. Kawiri konse anatsala pang'ono kunena kuti tibwerere. Wapolisi wokhala kutsogolo ankangowaba ndi diso pagalasi.

Geti la kunyumba kwawo linali litapentedwa mtundu wina. Makiyi analibe. Anagogoda ndi mphete.

"Kankhani, n'kosakhoma!"

Amayi anali pakhonde, atavala diresi yakale yodontha penti, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Nsapato zazitali zija zinali zitagona chammbali ngati zakomoka. Sanadzuke.

"Mwaiwala chiyani? Malaya anatha, dalaivala wanu anatenga omaliza."

Akazembe anaima pamasitepe a khonde, manja kumbuyo.

"Ndimati ndidzathokoze. Zimene mwachita lero zathandiza kwambiri boma, ndipo mlendo wathu wapita ali..."

"Boma lathokoza, ndamva. Pali china?"

"Ndimaganizanso kuti mwina, mbali zonse zitafuna, pangapezeke njira yapakati. Mwachitsanzo masiku ena uko, masiku ena kuno, mongoyesera kaye, kenako n'kudzaunikanso mmene..."

"Bambo, mukuyankhula ndi dziko liti?"

Amayi anatulutsa phazi limodzi, kuliyang'ana, kulibwezeramo.

"Khalani pansi, mukunditchingira dzuwa."

Anakhala pamphepete pa mpando wapulasitiki.

"Tsiku lija foni inalira," Amayi anatero, "ine ndinali kukhitchini, chitseko chosatseka. Ndinakumvani. Ndine wokonzeka, bwana, ndi ulemu waukulu, bwana. Mutatseka foni munabwera kukhitchini. Ndinati eya, lero andifunsa. Mukukumbuka chimene munanena? Munati kodi makatoni aja tinataya?"

"Ndinkadziwa kuti mukana."

"Munkadziwa?"

"Zizindikiro zonse zinkaonetsa choncho."

"Ndiye mumadziwa zambiri, chifukwa ine mwini wake sindikudziwa chimene ndikanayankha. Palibe anandifunsapo kuti ndione. Mwina ndikanalira. Mwina ndikanati pitani, mwaivutikira ntchitoyi kuyambira muli ndi tsitsi. Ndipo ikukukhalani, ndakuonani lero, musaganize kuti sindinaone. Koma inu munafunsa zizindikiro. Kenako munanditumizira dalaivala. Kenako munayesa kutuma mwana. Kenako njinga yamoto." Anapukusa mutu. "Khadi lija ndinaliwerenga kawiri. Ndinati bambo awa, amene ndinawasita malaya m'mahotela, akuti ndiyankhe kudzera ku ofesi."

Kunja kwa geti injini ya galimoto inali ikulirabe. Akazembe anayang'ana manja awo. Anafufuza m'mutu mawu oyamba nawo, mawu ofewetsa, mawu osiya khomo lotsegula, ndipo onse anali atawagwiritsa kale ntchito.

"Mungabwere?" anatero. "Kudzakhala nane uko?"

"Ayi."

Anadikira. Pa ntchito yawo pambuyo pa ayi pamabwera koma. Ayi, koma tikaonanso. Ayi, koma pakadali pano. Anadikira koma ameneyo mpaka anamva galu wa aneba akukoka tcheni chake. Amayi ankangowayang'ana, osakwiya, osamwetulira. Panalibe china chikubwera.

Chodabwitsa n'chakuti sanafe. Anamva ngati munthu amene waponda sitepe yoti palibe, thupi lonse n'kugwedezeka, kenako n'kupeza kuti waima pansi.

"Nyumba ija ikundikana," anatero, mawu atatsika. "Sinditha kukhala pansi. Ndimadya choimirira. Ndimayenda chipinda ndi chipinda ngati ndataya chinthu."

"Ndikuzidziwa nyumba zimenezo. Ndakhalamo zaka zonsezi inu muli kumisonkhano. Chipinda chachitatu ukafika umayamba kuyankhula ndi makatani."

"Simunanenepo."

"Ndikanauza ndani? Dalaivala?"

Funso lachiwiri la Akazembe linatuluka mosavuta kuposa loyamba, ngakhale nalonso sankadziwa kumene likagwere.

"Nanga ine nditabwera kuno?"

"Mukupempha viza yolowera m'nyumba yanu yomwe?"

"Ndikufunsa."

Amayi anasuntha mapazi m'beseni.

"Bedi ndi lomwe lija. Mbali yanu ndaikako mabuku, muchotsa nokha. Koma kuno kulibe wotsegulira munthu chitseko, ndipo alendo anu azithera komweko. Mukandifuna pa nkhomaliro muzindiuza ndi pakamwa, tsiku lina ndidzalola, tsiku lina ndidzakana."

"Achitetezo savomera. Nduna imayenera kugona kunyumba ya boma. Nkhaniyi ikafika mpaka kwa a Pulezidenti, ndipo sindikudziwa kuti akaitenga bwanji. Ena anachotsedwapo pa zifukwa zochepa kuposa pamenepa."

"Ndiye mukakambirane nawo. Si ntchito yanu imeneyo?"

Akazembe anadzuka n'kupita kugeti. Wapolisi uja anatsika m'galimoto msangamsanga.

"Dalaivala apite akatenge sutikesi yanga yaing'ono ndi mankhwala ali pafupi ndi bedi. Ndigona kuno."

"Kuno, bwana?" Wapolisiyo anayang'ana mpanda waufupi, mtengo wotsamira khoma, ana akusewera mpira mumsewu. "Sitinalamulidwe, bwana. Malo ano sanayenderedwe ndi achitetezo."

"Ayendere iweyo. Yambira kumbuyoko."

"Asagunde chitseko cha kukhitchini!" Amayi anakuwa ali pakhonde. "Ndapentanso, penti sanaume!"

Wapolisiyo anapita kumbuyo akuyankhula ndi wailesi yake motsitsa mawu, ngati munthu wonena za ngozi. Akazembe anabwerera pampando wapulasitiki uja. Anakhalanso pamphepete.

"Vulani jekete, mukundimvetsa kutentha."

Anavula, koma sanadziwe poika, ndiye anangoipinda n'kuisanjika pamaondo. Nthawi yomweyo jeketeyo inayamba kunjenjemera. Anapisa m'thumba n'kuyang'ana foni. Inali ofesi ya a Pulezidenti. Mwina ankafuna kumva za mlatho. Mwina wailesi ya wapolisi inali itafika kale kumene imafika.

"Ndiyankhe?"

"Mwayamba kufunsa chilichonse tsopano? Yankhani, ndi ntchito."

Akazembe anaimirira, foni kukhutu. "Inde, ndi ine. Inde. Mlendo wapita wokondwa, za mlatho tagwirizana. Koma pali nkhani ina imene ndikufuna ndidzaonane nawo bwana mawa, ine ndemwe. Ayi, musatumize munthu. Ayi, sindikudziwa kuti adzati chiyani."

Ankayankhula akuyenda, kuchoka kuchitseko kukafika kumapeto kwa khonde, n'kubwerera. Khondelo linali lalifupi, moti ulendo uliwonse ankayenera kulumpha beseni.

"Mukanditayira madziwa mukolopa nokha," Amayi anatero, n'kukokera besenilo kufupi ndi mpando wawo kuti munthu adutse.